Tsiku Limene Marlys Anakameta a Gunder Volk

Ku Sorrel Butte, kum'mawa kwa Montana, mitu yambiri inadutsapo m'manja mwa Marlys Odegaard. Bambo ake anali wometa nkhosa, ndipo iye anayamba kugwira sizasi ali kamtsikana, pophunzirira pa alongo ake amene ankalira ndi mametedwe akewo mpaka Lamulungu kutchalitchi. Atakwatiwa ndi Lyle, woyendetsa lole yonyamula tirigu, anagula chimpando chakale cha dokotala wa mano n'kuchiika m'khitchini, pakati pa chitofu ndi zenera. Lyle atamwalira, mpando umenewo ndiwo unalera ana awiri mpaka kukula n'kupita kumizinda.

Ankametanso akufa. Okonza maliro a kutauni yaikulu ankamuitana chifukwa ndiye ankadziwa mmene aliyense ankapesera tsitsi ali moyo. Anthu akamufunsa ngati sachita mantha, iye ankangoti wakufa sagwedeza mutu, ndipo sanamvepo wina akudandaula kuti wamufupikitsira.

Chaka china kunabwera mtsikana waulemu wochokera kulikulu la chigawo, atavala jekete loyera bwino, nafunsa chiphaso chometera. Marlys analibe. Mtsikanayo anamuuza kuti afunika kukaphunzira kumzinda koposa chaka, apo ayi mpando uchoke. Marlys anazula chikwangwani chake pakhomo, koma mpando sanauchotse. Anthu anayamba kulowera khomo lakuseri, ndipo iye ankameta katani ili yotseka. Kuyambira pamenepo galimoto yachilendo ikaima mumsewu, sizasi inkayamba yaima kaye m'mwamba.

Mmodzi mwa olowera kuseriko anali Hollis Rennick, wokumba zitsime, bambo wamtali wamakutu aakulu amene Marlys anamumeta koyamba akulira pamiyendo ya mayi ake. Chaka chimenecho Hollis anaimira chipani cha Libertarian pa mpando wa deralo m'nyumba ya malamulo ya chigawo. Anthu a ku Sorrel Butte analibe nthawi yotchula dzina lalitali la chipanicho. Iwo ankangoti chipani cha Tisiyeni, chifukwa chilichonse chimene Hollis ankanena chinkathera pomwepo: boma litisiye.

Mfundo zake Marlys anazimva zonse, popeza munthu akakhala pampando paja sathawa, wometanso sathawa. Hollis ankati ziphaso za ometa, ophika makeke ogulitsa ndi okama mkaka zithe. Ankati msonkho wa malo uthe, chifukwa munthu amene akulipira chaka ndi chaka pamunda wa agogo ake si mwini malo, ndi wobwereka kwa boma. Ankati apolisi asamalande katundu wa munthu khoti lisanamupeze wolakwa, ndipo amene ali m'ndende chifukwa chosuta chamba okha atulutsidwe. Makolo azisankha okha sukulu ya ana awo. Panalinso ina imene ankaiika kumapeto, imene anthu sankaimvetsera kwenikweni: munthu akafera kwawo, boma lisatenge mtembo wake kukaung'amba achibale asanavomere.

"Iwe Hollis, ukapambana uchotsanso zikwangwani zoimitsa galimoto pamphambano?" anatero Marlys tsiku lina, akumupinda khutu kuti sizasi idutse.

"Chimodzi chokha ndichisiya, anti, chapafupi ndi nyumba yanu. Ndimakuonani mmene mumayendetsera."

"Khala bwino, khutu lako lili m'manja mwanga."

"Ndi lalikulu, mukadula pang'ono mundithandiza."

Anaseka onse, kenako Hollis ananena chimene anabwerera. Kunatsala masabata awiri kuti chisankho chichitike, ndipo ankafuna kukayendera mafamu a ng'ombe a kumtunda kwa chigwa. Kumeneko anthu satsegulira mlendo, ngakhale wokumba zitsime amamulankhulira pageti. Koma Marlys aliyense ankamutsegulira.

"Sindikukupemphani kuti mukandiyamikire," anatero. "Mukangotsika m'galimoto kuti agalu akuoneni."

Marlys anavomera. Anali ndi chifukwa chakechake: a Gunder Volk, a famu yomalizira kumtundako, anali atadumphitsa tsiku lawo lometa, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa pa pikapu ya Hollis, kumbuyo atadzaza zikwangwani zachikasu. Chipale chofewa, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, chinali chitagwa pang'ono, ndipo kumwamba kunali mbuu, osadziwika pamene dzuwa lili. Mafamu oyambirira anawalandira. Ena anatenga chikwangwani, ena anati amukonda Hollis koma voti sataya kwa munthu wosapambana. Mlimi wina anamufunsa kuti msonkho ukatha adzachotsa ndani chipale mumsewu, Hollis nayankha kuti anthu asonkha okha mwakufuna kwawo, mlimiyo naseka mpaka kutsokomola.

Atadutsa mlatho wamatabwa, nyumba zinayamba kutalikirana, ndipo zambiri zinali zosiyidwa. Marlys ankazitchula pamene ankadutsa. Apa panali a Brekke, anagulitsa. Apa panali alongo awiri aja, onse ali kumanda. Apa mwana wawo anapita kumigodi osabweranso. Mazenera anali bii, mageti omangidwa ndi waya, ndipo pakhomo lina mphalapala zinali zitagona pakhonde penipeni, osadzuka ngakhale galimoto itadutsa. Wailesi ya m'galimoto inayamba kukanda, kenako zii. Hollis anaizimitsa.

Pageti la a Volk panali chikwangwani cha Hollis, osati chachikasu chija koma cholembedwa ndi penti pathabwa, zilembo zokhotakhota. Hollis anamwetulira.

"Mwaona, anti? Pali wina amene amandikhulupirira."

Marlys sanachiyang'ane chikwangwanicho. Iye ankayang'ana akavalo. Anali atamasulidwa onse, ataima mumzere kumpanda, onse atayang'ana kumodzi, kukaphiri kuseri kwa nyumba. Galu wa pakhomopo, amene nthawi zonse ankathamangira matayala, anali atakhala pakati pa bwalo. Anawayang'ana, osauwa, osagwedeza mchira.

A Ardith Volk, mkazi wa a Gunder, anatulukira pakhonde asanagogode. Anali gogo wamng'ono thupi, wowongoka ngati msomali, atavala diresi la kutchalitchi pakati pa sabata.

"Marlys, mwana wanga, wabwera ndi sizasi?"

"Zili m'chikwama, mayi."

"Ndimadziwa. Ndinawauza bambo kuti ubwera. Ndipo uyu ndi mwana wa a Rennick. Lowa, bambo. Ndiwe amene takhala tikukudikira."

M'khitchini munali motentha ndi mwaukhondo. A Ardith anathira khofi m'makapu anayi, naika mkate wa nthochi patebulo. Kapu yachinayi anaiika kumpando wa kuzenera, umene unali wopanda munthu. Hollis anayamba kufotokoza za msonkho wa malo monga anazolowera, koma gogoyo anamudula ndi dzanja.

"Zonsezo tikuzidziwa. Bambo anandiwerengera kapepala kako kangapo. Iwo anakuvotera kale. Mapepala ovotera atangofika papositi anakhala pomwepo n'kuchonga dzina lako, ine n'kukaponya. Voti yawo ili kale m'bokosi."

"Ndathokoza kwambiri, mayi. Nanga iwowo ali kuti, ndiwathokoze?"

"Ali kozizira. Malizani kaye khofi."

Marlys anaika kapu pansi. Anali atagwira ntchito ndi amasiye okwanira kuti adziwe mawu a munthu amene analira kale n'kumaliza.

"Mayi," anatero pang'onopang'ono, "a Gunder atani?"

"Anagwa pomwera akavalo, tsiku lomwe anavota lija, madzulo ake. Ndinawapeza maso ali kumwamba, chipewa chili pambali. Sanavutike. Ndinawakokera pa chithabwa chotsetsereka chonyamulira udzu wa ng'ombe, kavalo wamkazi uja anandithandiza."

"Ndi liti limenelo?" anafunsa Hollis.

"Mwezi wakale uja unali usanazimirire kumwambaku. Kukuzizira bwino chaka chino, Mulungu watikomera mtima."

"Mwauza ndani?"

"Ndikukuuza iwe."

Marlys ankadziwa chifukwa chimene gogoyo anabisira malirowo, ndipo aliyense wamsinkhu wake m'chigwamo ankachidziwa. A Volk anali ndi mwana mmodzi yekha, Anders, amene thirakitala inamugwera ali mnyamata wokwatira kumene. Popeza anafa palibe womuona, a boma anabwera n'kutenga mtembo kupita nawo kumzinda wakutali kukauyeza. Unabwera patapita masiku ambiri, utasokedwa kuyambira pachifuwa mpaka pamimba, ndi msoko wina kumutu, kuchokera khutu ili kufika khutu linalo. Anali Marlys amene anapesa tsitsi la Anders kuti libise ulusiwo. A Ardith anaima pambali pake tsiku limenelo, ndipo anauona ulusi uja chipeso chisanaufunditse.

"Tinalumbirirana," anatero a Ardith. "Woyamba kupita, mnzake asamupereke. Ndiye bambo ataona mfundo yako ija ya mitembo, anati, Ardith, wapezeka munthu. Choncho ndikudikira. Kwatsala masabata awiri basi. Ukapambana usintha lamulo, ine ndiitana abusa ndi anthu, tiwaika poyera pansi pa mitengo ija, popanda wobwera ndi thumba lakuda."

Marlys anayang'ana Hollis. Makutu aja anali atafiira. Anatembenuza chipewa chake m'manja.

"Mayi Volk," anatero, "ine sindipambana."

"Usadzichepetse."

"Sindikudzichepetsa. Chipani chathu sichinapambanepo mpando umenewu. Ine ndimaima kuti mfundozi zimveke, kuti ena aja achite manyazi azitengeko. Ndipo ngakhale nditapambana, nyumba ya malamulo imakumana chaka chamawa. Ndingakhale munthu mmodzi pakati pa anthu zana. Lamulo silisintha m'masabata awiri."

A Ardith anamuyang'ana, nkhope yosasintha.

"Papepala paja sunalembe zimenezo."

"Sindinalembe, mayi."

"Koma umakhulupirira zimene unalembazo?"

"Ndimakhulupirira."

"Ndiye uli ndi makina okumbira. Ubwere nawo mawa." Anatembenukira kwa Marlys. "Iwe tiye. Tsitsi lawo lafika m'makutu, akudana nazo."

Kuseri kwa nyumba, m'mbali mwa kaphiri kaja, munali chipinda chokumbidwa m'nthaka, chosungiramo nyama ndi mbatata, chachitseko cholemera chathabwa. Galu anawatsatira mpaka pakati pa njira, nakhala pansi. Hollis anafika pachitseko, nati adikira panja. A Ardith anayatsa nyali ya parafini ngakhale kunali masana, natsika masitepe, Marlys pambuyo.

Munali mozizira mpaka mano kuwawa. Fungo linali la dothi, la maapulo ndi la nthambi za mkungudza zimene gogoyo anayala pansi ponse, ndipo kunsi kwa zonsezo kunali fungo lina limene Marlys ankalidziwa. A Gunder anagonekedwa pachitseko chakale chosanjikidwa pamigolo iwiri, atavala malaya oyera ndi buluku lakuda, manja pamimba. Nkhope inali itaphwa n'kusanduka ngati sera, koma anali iwo ndithu, ndi nsidze zawo zazitali zija. Pambali panali mpando, bulangeti ndi zoluka za a Ardith. Zinaonekeratu kuti amakhala mmenemo tsiku ndi tsiku.

"Bambo, Marlys wabwera," anatero a Ardith. "Musamuvutitse."

Marlys anatulutsa chipeso, sizasi ndi kansalu. Manja ake anali atachita ntchito imeneyi kambirimbiri, koma nthawi zonse m'chipinda chowala, chamatailosi, chokhala ndi foni pakhoma. Anayambira kumanja. Tsitsi loyera linali lofewa, lozizira ngati udzu wa m'mawa. Sizasi inkamveka mokweza m'kachipindamo, kwe, kwe, kwe, ndipo a Ardith ankatola tsitsi logwa n'kuliika m'thumba la diresi.

A Gunder anali ogontha khutu lamanzere, ndipo zaka zonse Marlys akamazungulira kuti amete mbali imeneyo, iwo ankapendeketsa mutu kuti khutu labwino limutsatire, asaphonye nkhani. Tsiku limenelo Marlys anamaliza kumanja, nazungulira kumutu kwa chitseko, ndipo atafika kumanzere mutu uja unapendekeka pang'onopang'ono, n'kuima.

Marlys anangoti njo, sizasi ili yotsegula. Anadziuza kuti wagunda mgolo ndi bondo. Anadziuza kuti pilo watsetsereka. Bondo lake silinamve kugunda kulikonse.

"Akufuna nkhani," anatero a Ardith osadabwa. "Auze za kutauni."

Ndipo Marlys anawauza. Anawauza kuti sitolo ya zitsulo yasintha mwini, kuti mwana wa abusa wabereka mapasa, kuti mtengo wa ana a ng'ombe wakwera. Anameta mpaka kumaliza, napesa cham'mbali monga ankakondera, nasasa tsitsi pakolala. Atakwera masitepe kutuluka, kuwala kwa panja kunamulasa m'maso, ndipo anapeza Hollis ataima kutali, pafupi ndi akavalo, manja m'matumba.

Pobwerera, amene anayamba kulankhula anali Marlys, atadutsa nyumba ya mphalapala ija.

"Tiyenera kuuza apolisi."

"Walakwiridwa ndani, anti? Mwamuna ndi wawo, malo ndi awo, ndipo mwini thupi ananena yekha chimene ankafuna."

"Wanena ndani kuti ananena? Ife tamva kwa mmodzi."

"Mukuganiza kuti a Ardith anawapha?"

"Ayi, usandiikire mawu m'kamwa. A Ardith ndimawadziwa. Koma lamulo lako silidzakhala la a Ardith okha. Mawa adzakhala mwamuna amene wakankha mkazi wake pamasitepe, n'kunena kuti tinalumbirirana. Adzamufunse ndani?"

"Pakakhala chokayikitsa, woweruza atha kulamula. Ndinalemba zimenezo."

"Chokayikitsacho adzachione ndani?"

"Anansi."

"Anansi ake ati, Hollis? Tayang'ana panja."

Hollis anayang'ana. Kunali mipanda yakugwa ndi udzu wouma wotuluka m'chipale mpaka kumene maso analekezera.

"Inu amene mumameta katani ili yotseka," anatero mofatsa, "mukufuna muwatumizire anthu omwe aja?"

Marlys ankaonabe ulusi wakuda uja m'mutu mwa Anders, ndi mmene chipeso chinkakodwera pamenepo.

M'mawa mwake anapitanso onse awiri, Hollis atakoka makina ake kumbuyo. Nthaka inali itauma pamwamba pokha, pansi inali yofewa. Anakumba pansi pa mitengo itatu imene a Gunder anabzala okha. Bokosi a Ardith anali atalikonza kale ndi matabwa a khola, lokhota pang'ono koma lolimba. Anawanyamula atatu, Hollis kumutu, amayi awiriwo kumiyendo. A Ardith anawerenga salimo, Marlys anaimba vesi limodzi la nyimbo, Hollis atavula chipewa. Pokwirira, akavalo aja anachoka pampanda mmodzimmodzi n'kupita kukadya, koyamba chifikire alendowo.

Patapita masiku ochepa kunali mtsutso wa opikisana m'holo ya sukulu. Marlys anakhala kumbuyo. Hollis anayankha za msonkho ndi za sukulu monga mwa nthawi zonse, anthu akuseka pamene ankayenera kuseka. Kenako mphunzitsi wina anaimirira nafunsa za mfundo ya mitembo ija, mwachipongwe, kuti kodi a Rennick akufuna aliyense azikwirira agogo ake m'dimba ngati galu.

Hollis anatembenukira kwa mphunzitsiyo.

"Ndikufuna kuti mayi wokalamba asachite kubisa mwamuna wake chifukwa choopa boma lake lomwe," anatero. "Sindikunena kuti mfundoyi ilibe choopsa. Chilipo, wina anandionetsa, ndipo sindinachipezere yankho lokwanira. Koma mantha amenewo aliponso, ndipo amachititsa anthu zinthu zimene inu simungazikhulupirire."

Palibe anaseka, palibenso anawomba m'manja. Pa chisankho anagonja, kutali ndithu, monga ananenera yekha.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho inali yoopsa. Msewu wa kumtunda unatsekeka ndi chipale Khirisimasi isanafike. Marlys ankaimba foni kwa a Ardith Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi.

"Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino tonse, mwana wanga."

"Nkhuni zilipo? Chakudya?"

"Zonse zilipo. Bambo anadula zokwanira."

Nthawi zina gogoyo ankachotsa foni pakamwa n'kulankhula ndi wina m'chipindamo, motsitsa mawu, kenako n'kudikira ngati akumvetsera. Marlys ankakanikiza foni kukhutu. Ankamva wotchi ya pakhoma, ndi mphepo, ndipo tsiku lina anamva mpando ukukokeka pansi, chapatali ndi pamene a Ardith ankapumira. Anadziuza kuti ndi galu.

Pakati pa Januwale foni inaleka kulira. Inkangoti zii. Marlys anaimba Lamulungu, Lolemba, Lachiwiri. Anaimbira Hollis, amene anati mawaya agwa ndi mphepo, ndipo akayesa kupita msewu ukangotseguka.

"Ukatseguka liti? Mwezi wamawa?"

"Anasankha okha kukhala kumeneko, anti. Ndinawapempha kuti atsikire kutauni, anakana."

"Akagwa pamasitepe aja, chisankho chawocho chiwadzutsa?"

Tsiku lotsatira pampando wake panakhala Tobin Marsh, wapolisi wa deralo, mnyamata wonenepa wamtima wabwino amenenso ankalowera khomo lakuseri osafunsa za chiphaso. Marlys anamumeta mbali imodzi, naima.

"Tobin, mwanawe, uli ndi njinga ija yoyenda pachipale?"

"Ilipo, mayi. Bwanji?"

"Upite kwa a Volk lero. Foni yawo yafa."

"Aa, a Gunder ndi chitsulo chija, sangasowe chochita."

"A Gunder kulibe," anatero Marlys. Anakhala pampando wa patebulo n'kumuuza zonse, chipinda chozizira, makina a Hollis, mitengo itatu ija. Za kupendekeka kwa mutu sananene.

Tobin anapita tsitsi lili lometedwa mbali imodzi. Anawapeza a Ardith ali moyo, ataonda koma ali chilili, moto ukuyaka, patebulo pali mbale ziwiri. Sanamulole kulowa. Analankhula naye chitseko chili chotsegula pang'ono, ndipo funso lawo linali limodzi: wakuuza ndani? Tsitsi lometedwa mbali imodzi lija linawayankha lokha.

Chipale chitasungunuka, a boma anabwera ndi chilolezo cha woweruza. Anafukula bokosi lija, natenga a Gunder kupita nawo kumzinda. A Ardith anaima pakhonde atavala diresi la kutchalitchi, osalira, mpaka galimoto inazimiririka. Oyeza anapeza kuti unali mtima, anangogwa okha monga gogoyo ananenera. Anawabweza m'bokosi latsopano lotsekedwa, nawaika m'dzenje lomwe lija, abusa ndi anthu ochepa alipo. A Ardith sanaimbidwe mlandu. Hollis anaitanidwa, anadzudzulidwa, nabwerera kwawo. Marlys sanapite kumaliro achiwiriwo. Anatumiziridwa uthenga kuti asabwere.

Hollis anabweranso kudzameta tsitsi litakula. Anakhala pampando, nayang'ana kutsogolo.

"Wandikwiyira?" anafunsa Marlys.

"Munaopa kuti afa. Ine ndinaopa kuti awang'amba. Zanga zija zachitika, zanu sizinachitike."

"Zikanatha kuchitika."

"Zikanatha," anavomera. "Ndiimanso chisankho chikubwerachi. Mfundo ija ndaikonza: dokotala azibwera kudzaona mtembo pakhomo pomwepo, achibale alipo, osautenga pokhapokha ataona choipa."

"Dokotalayo amulipire ndani, msonkho utauthetsa?"

"Anti, tangometani."

Marlys akumetabe mpaka lero, ngakhale zala zayamba kuuma m'mawa. Okonza maliro akamuitana amapita, koma masiku ano amapempha kuti wina akhale naye m'chipindamo, ndipo amameta ali chete.

Marlys anakumana ndi a Ardith kamodzi kokha chichitikire zimenezo, chilimwe chotsatira, m'sitolo ya zakudya za ziweto, masana dzuwa likuswa mtengo. Gogoyo anali atatsika ndi mnansi wakutali kudzagula mchere wa akavalo. Tsitsi lawo linali litatalika, loyera, lomangidwa ndi chingwe cha mabelo a udzu. Marlys anawayandikira.

"Mayi, ndikupepesa. Ndinkaopa kuti..."

A Ardith anamuyang'ana popanda mkwiyo, ngati akuyang'ana nyengo pazenera.

"Chibwerereni kumzinda kuja bambo sagona," anatero. "Amangoyendayenda pabwalo. Kale ankakhala phee."

Anatenga lisiti lawo la mchere pakauntala, natuluka. Marlys anatsala ataima pakati pa matumba a chakudya cha nkhuku, mpaka mwini sitolo anamufunsa kachiwiri chimene ankafuna kugula.